Amene Anabweretsa Tinkhono ku Corrabeg

Mlongo wanga Malachy Ruane anabadwa wokayikira. Malemu mayi ankati ngakhale bere ankayamba waliyang'anitsitsa kaye asanayamwe. Ine ndine Attracta, mlongo wake wamkulu, ndipo ndili ndi nyumba ya alendo kumtunda kwa doko la Kilvarra, momwe mumagona anthu amene iye amakawedza nawo. Choncho zake ndimazidziwa, zina zoti mwini wake sangakonde kuti ndizinene.

Ntchito yake ndi yonyamula anthu a m'tauni amene agwidwa chilakolako chowedza, kuwafikitsa pamene pali nsomba, kuwamasulira zingwe zikapiringizana, n'kuwabweza madzulo nkhope zitauma ndi mphepo. Maboti ali nawo awiri. Lalikulu, la injini ya dizilo, limakhala padoko ndipo ndi la kunyanja yamchere. Laling'ono, lamatabwa, amalikoka pangolo kupita nalo kunyanja za kumtunda. Alendo amamutcha Kaputeni, ndipo iye sakana.

Kukayikirako amapita nako kuntchito. Makina osonyeza malo amawaphimba ndi kansalu kanga kopukutira mbale kuti mlendo asadziwe pamene pali miyala yake ya nsomba. Popita kumeneko amayamba wazungulira chilumba ngati wasochera. Mlendo akangotulutsa foni, Malachy amayamba kutsokomola, poopa kuti asungamo malowo. Banja alibe. Mtsikana amene anatsala pang'ono kumukwatira anamufunsa tsiku lina kuti nsomba zikuluzikuluzo amazipeza pati, basi chibwenzi chinathera pomwepo.

Chimene amachikonda ndi mtima wonse ndi Corrabeg, kanyanja ka kuseri kwa phiri, komwe bambo anatiphunzitsa kuwedza nsomba za tirauti. Kanyanjako amayang'anira ndi a kalabu ya owedza a m'mudzi muno, koma mlonda wake weniweni, wosalipidwa ndiponso wosapemphedwa, anali Malachy. Chimene ankalondera si akuba ayi, ndi tinkhono tamizere.

Tinkhonoti n'tating'ono ngati chikhadabo, koma Nyanja Yaikulu ya kuchigwa tinaimaliza kalekale. Timamatirira pamwala, pachingwe, pansi pa boti, n'kudya chakudya chonse cha m'madzi, tizilombo timene tirauti amadya n'kuchepa. Zigoba zake zimadula zingwe ndi mapazi omwe. Timayenda ndi anthu: pajombo yonyowa, paukonde, m'kadontho ka madzi kotsala mu injini. Ndipo tikalowa m'nyanja sitituluka.

Malachy ankapitabe ku Nyanja Yaikuluyo ndi alendo ofuna nsomba za paiki, koma anali ndi lamulo lake. Akachokako sankalunjika kwina kulikonse koma kudoko. Boti ndi ngolo yake ankazimiza m'madzi amchere mpaka m'mawa mwake, jombo, zingwe ndi maukonde n'kuziviika m'mgolo wa madzi omwewo, chifukwa mchere umapha tinkhonoto. Mwambowu ankautcha ubatizo. Mlendo wokana ubatizo sankaponda ku Corrabeg, kaya akhale dokotala kaya wansembe.

Ndiye mumvetse mmene zinalili Lamulungu lina la mu Malichi, pamene Dessie Tierney, mwini bala komanso wapampando wa kalabu, anaika tambula patebulo. Ine ndinali pomwepo, ndikumwa kanga kochokera ku Misa. M'tambulamo munali kamwala, ndipo pakamwalapo panali tinkhono tinayi kapena tisanu, tating'ono ngati mpunga.

"Ndatola potsitsira maboti," anatero Dessie. "Ku Corrabeg."

Malachy anatenga tambula ija, naiyang'ana kudzera pawindo, nkhope itachita mbuu. Ndinamumvera chisoni, sindibisa. Ankaoneka ngati munthu amene wauzidwa za maliro ali pamsewu.

"Sitinabwere tokha iti," anatero wina kumbuyo. "Tilibe miyendo."

"Nanga si alendo ako omwewa, Kaputeni?"

"Alendo anga ndimawabatiza ndekha ndi manja angawa," anayankha Malachy. "Funsani amene amalowa m'madzi popanda womuona. Uja wa kaboti kopopa uja. Lero ali kuno, mawa ali ku Nyanja Yaikulu, kaboti kali m'galimoto kakudontha."

Dzina sanalitchule, koma panalibe wosamudziwa. Anali Rimas, bambo wa ku Lithuania amene ankagwira ntchito kufakitale yolongedza nkhanu padoko. Anali atakhala nafe zaka zingapo, ndi mkazi wake Daiva ndi ana awiri, munthu wamtali wosalankhulalankhula, wopenga ndi mbedza. Chiphaso cha kalabu anali nacho ngati wina aliyense. Mlandu wake unali woti nsomba akagwira ankadya, osazibwezera m'madzi, komanso kuti kwawo kunali kutali.

Anthu anagwirizana kuti pamsonkhano wa pachaka, mu Novembala, adzamulanda chiphasocho. Kuno munthu amene walandidwa chiphaso chifukwa chowononga Corrabeg ndiye kuti watha. Ku sitolo amuyang'ana m'mbali, ana ake akamva kusukulu, ndipo mapeto ake amalongedza yekha.

Mawa lake Malachy anabwera kukhitchini kwanga kudzatenga masangweji a alendo, nayamba kuwatsegula mmodzimmodzi monga mwa nthawi zonse, kuona ngati ndaikamo nyama.

"Achemwali, ndamuganizira zochita uja."

"Ndani?"

"Wa kabotiyo. Ndimupatsa mpando pa boti langa Loweruka lililonse pamene pali malo. Ulere. Azingondithandiza kukoka nangula."

"Iwe? Ulere? Wadwala kodi?"

"Ndikufuna akhale pafupi. Ndione zimene amanyamula, kumene amapita. Pofika Novembala ndidzakhala ndi umboni m'manja, osati zonena za m'bala."

"Ndiye umuitane munthu ngati mnzako, pamene ukumutchera msampha? Mayi akanakhala moyo akanakuswa ndi chipande, ukalamba wakowo."

"Inu musalowererepo. Ndipo musauze munthu."

Ndinapsa mtima, koma sindinauze munthu. Ndi mlongo wanga, nanga ndikanatani.

Rimas atauzidwa za mpandowo anasangalala ngati mwana. Anali asanakwerepo boti lalikulu chifikireni kuno, chifukwa mtengo wake ndi wa anthu a m'tauni. Loweruka loyamba anafika padoko kusanache bwino, atanyamula chikwama chobiriwira cha asilikali ndi buledi wakuda wa kwawo woti apatse a Kaputeni. Buledi uja Malachy anabwera naye kwa ine.

"Tamudulani pakati, achemwali."

"Ukuyesa muli tinkhono?"

"Ndangoti mumudule."

Ndinamudula. Munali buledi.

Mu Meyi, tigulugufe ta m'madzi titayamba kutuluka, onse anasamukira ku Corrabeg. Imeneyo ndi nyengo imene mudzi wonse umapenga: ana amatola tigulugufeto m'tchire n'kumagulitsa m'mabokosi, aphunzitsi amadwala mwadzidzidzi, ndipo ine ndimagoneka alendo mpaka m'chipinda chochezera. Amakoleka kagulugufe kamoyo kumbedza, n'kusiya mphepo kuti izikavinitsa pamwamba pa madzi mpaka tirauti atakopeka. Rimas anali asanaonepo kawedzedwe kameneka, ndipo Malachy anachita kumugwira dzanja pomuphunzitsa. Koma madzulo aliwonse ankabwera kwa ine ndi nkhani.

"Ali ndi botolo la madzi limene samwa."

"Mwina alibe ludzu."

"Munthu wopanda ludzu amanyamuliranji madzi?"

Sabata yotsatira, Rimas atatsika pachilumba kukadzithandiza, Malachy anapisa m'chikwama chija n'kulawa za m'botolomo. Anali mowa wa kwawo wa nthuza zam'tchire, woti akaotche nawo pakhosi akagwira nsomba yaikulu. Mlongo wanga anabwera kunyumba maso ali psuu, koma sanagonje. Anangoti munthu wochenjera sangaike umboni pamwamba.

Chilimwe chonse anali kunyanja yamchere. Nsomba za makerele zinabwera zochuluka chaka chimenecho, moti ngakhale alendo osadziwa kumanga mfundo ankadzaza ndowa. Apa ndi pamene zinayamba kumuvuta Malachy, chifukwa Rimas anali munthu wa phindu pa boti. Sankachita chizungulire, sankafunsa mafunso, ndipo nsomba ankazitumbula mwachangu kuposa mwini boti. Mlendo akayamba kusanza, Rimas ndi amene ankamugwira phewa n'kumuuza kuti ayang'ane kuphiri. Foni yake ankaisiya m'galimoto popanda womuuza.

"Mwaona?" anatero Malachy. "Foni akuisiya dala."

"Si zimene umafuna zomwezo?"

"Wadziwa bwanji kuti ndimafuna zimenezo?"

"Iwe, dziko lonse likudziwa! Ngakhale mbalame za padoko zikudziwa!"

Koma ndinkaona ndithu kuti munthuyo akumulowa mumtima. Tsiku lina mu Julayi, alendo atalephera kubwera, anapita awiriwiri kumiyala ija imene Malachy sanaonetsepo munthu, ndipo akuti sanazungulire n'komwe chilumba. Anabwerako akukangana za mpira ngati anthu obadwira nyumba imodzi. Daiva anayamba kutumiza mapoto a zakudya za mbatatesi zokhala ndi nyama m'kati, ndipo mlongo wanga, amene chibadwire sanayamikirepo chophika changa, ankanyambita mpaka supuni. Komabe chikwama chobiriwira chija sanasiye kuchipisa. Ankachita ngati munthu wosuta fodya amene akufuna kusiya koma dzanja likungopita lokha m'thumba.

M'mudzi namo zinali kuipiraipira. Tinkhono tinapezekanso pamiyala ina, ndipo anthu anasiya kumupatsa moni Rimas. Wina anamuboolera kaboti kake kali pakhonde. Mwana wake wamkazi anabwera kuchokera kusukulu akulira, anzake atamuuza kuti bambo ake anathira matenda m'nyanja. Ndipo poti Malachy sanauze aliyense za msampha wake, anthu anayamba kumukayikiranso iyeyo.

"Kodi Kaputeni, mnzakoyu wakudyetsa chiyani?" anamufunsa Dessie tsiku lina. "Si iwe unatiuza za kaboti kodontha?"

"Dikirani Novembala," anayankha Malachy, osakweza mutu.

Mu Okutobala anapita ku Nyanja Yaikulu ndi alendo a ku Holland ofuna paiki. Kumeneko ndiye Malachy ankati amugwira basi. Anamuika diso kuyambira m'mawa mpaka pobwerera. Atafika padoko, iye asanatsegule pakamwa, Rimas anavula jombo n'kuziponya m'mgolo wa madzi amchere, kenako zingwe, kenako chikwama chonse chobiriwira chija. Atatero anapita kugalimoto yake, natulutsa kaboti kake ka zigamba, kamene sikanapite n'komwe ulendowo, nakamizanso.

"Nanga ako bwanji?" anafunsa Malachy.

"Ndimatero nthawi zonse, a Kaputeni. Kwathu tinkhonoti tilikonso, ndimatidziwa. Kungoti ine ndimabwera kuno anthu atapita kwawo, ndiye palibe amandiona."

Madzulo ake Malachy anakhala kukhitchini kwanga osakhudza tiyi.

"Ndiye wakhutira?" ndinamufunsa.

"Munthu woyera mopitirira choncho," anatero pang'onopang'ono, "pali chimene akubisa."

Ndinamuthamangitsa ndi tsache. Ndinali nditatopa naye.

Chisanu chisanafike, aliyense amene ali ndi pomangira boti m'nyanja amazula unyolo wake kuti usagwidwe ndi madzi oundana. Wa Malachy uli pakagombe kobisika, kumunsi kwa munda wakale wa bambo, pamene sipafika boti la munthu wina. Chaka chathacho sanauzule chifukwa msana unamugwira, ndipo sakanalola wina kuti akhudze. Chaka chino anali ndi Rimas. Anapita Loweruka m'mawa, mawa lake kuli msonkhano uja, ndipo ine ndinawaperekeza ndi wilibala poti ndinkafuna ndikatoleko nkhuni.

Ndinaima pagombe n'kumawaonerera akukoka. Unyolowo unkabwera molemera modabwitsa. Mikono yoyamba inatuluka ndi ndere basi. Kenako panatuluka chinthu chimene poyamba sindinachizindikire, chonenepa ngati ntchafu ya munthu, chakuda, chikudontha. Chitsulo sichinkaoneka n'komwe. Zinali nkhono zokhazokha, zina pamwamba pa zinzake, zazikulu ngati chala chachikulu cha kumanja, ndipo pansi pake panali zigoba za zina zimene zinakalamba n'kufa pomwepo.

Anakokera mtolo wonsewo kumtunda n'kuusiya pamiyala. Msodzi aliyense amadziwa kuwerenga zimenezi: kumene kuli ting'onoting'ono ndi kumene tangofika kumene, kumene kuli zikuluzikulu ndiye kumene tinayambira.

"Unyolowu unautenga kuti?" ndinafunsa.

Malachy anakhala pansi pamwala wonyowa.

"Kwa a Colm Hession. Ku Nyanja Yaikulu. Chaka chija anasiya za maboti, asanamwalire. Anati nditenge, ndi unyolo wabwino, wa bambo awo."

"Unaubatiza?"

"Boti ndinabatiza. Ngolo ndinabatiza. Jombo, zingwe, zonse." Anapukuta kumaso ndi dzanja lamatope. "Uwu unali m'thumba, kumbuyo kwa galimoto. Thumba lonyowa. Ndinangoti n'chitsulo basi, mphatso ya munthu wamkulu. M'mawa mwake ndinabwera nawo kuno."

Ndinkayembekeza kuti tsiku lina ndidzasangalala kumuona atagwidwa, koma sindinasangalale. Mtima unandiwawa ngati ndine ndalakwa. Munthu amene anavutitsa dziko lonse ndi mgolo wa mchere, ndi iye amene ananyamula imfa ya Corrabeg n'kuiika yekha m'madzi, kumunsi kwa munda wa bambo ake.

Rimas anagwada nayamba kuunjika unyolowo mu wilibala yanga.

"A Kaputeni, tiyeni tipite nawo kudoko. Tikauponye m'madzi amchere, pakuya. Ine sindinaone kanthu. Amayiwa sanaone kanthu."

"Nanga mawa?" anafunsa Malachy. "Ukudziwa zimene akufuna kukuchita mawa?"

"Ndikudziwa. Andilande chiphasocho. Ine ndimadyera nkhanu za kufakitale, inu mumadyera dzina lanu. Akamva zimenezi ndani adzakwerenso boti lanu? Ine zanga zili bwino, ndili ndi nyanja yamchere, ndili ndi mpando wanga kwa inu. Zinazo zidzatha zokha."

Malachy anamuyang'ana, kenako anayang'ana ine. Ine ndinayang'ana kumbali, chifukwa ndikanalankhula ndikanatukwana.

"Siyani wilibalayo pompano," anatero. "Pitani kwanu nonse."

Msonkhano unachitikira mu holo ya tchalitchi, Misa itangotha. Anthu anadzaza mpaka pakhomo, ena oti chibadwire sanagwirepo mbedza. Rimas anakhala kumbuyo ndi Daiva, atavala jekete la ku ukwati. Dessie anali atangoyamba kufotokoza nkhani pamene tinamva kulira kwa tayala la wilibala yanga, imene mlongo wanga analonjeza kalekale kuti adzaithira mafuta. Malachy analowa nayo mpaka kutsogolo, nakhuthula unyolo uja pansi, fungo la matope n'kudzaza holo yonse.

"Tinkhono ndinabweretsa ndine," anatero. Anafotokoza za a Colm, za thumba lonyowa, zonse, osakometsera.

Mukuganiza kuti anamukhulupirira? Anthu a ku Kilvarra? Kukayikira kumene iye anafesa mu Malichi kunali kutakula kuposa mwini wake.

"Aaa, Kaputeni, usatipusitse," anatero Dessie. "Ukufuna kumuombola mnzakoyo."

"Wamudyetsa mbatatesi za nyama!" anakuwa wina, anthu n'kuseka.

"Tadikirani," anaimirira Peadar wa ku galaja, amene amadziona ngati wapolisi. "Pagombe lakolo ndani wakhala akufikapo chaka chino? Si yemweyu? Ndiye wabweretsa yekha tinkhonoto pa unyolo wakowo, iwe uli mtulo."

"Nkhono izi si za chaka chino," anatero Malachy. "Taonani kukula kwake."

"Pagombe lakolo madzi ndi ofunda, zimakula msanga."

"Eya, ndi zoona zimenezo!"

"Tivote basi, nkhomaliro ikuzizira!"

Dessie anali atakweza kale dzanja. Ndinamuona Malachy akuyang'ana kumbuyo kumene kunali Rimas, ndipo ndinadziwa chimene akufuna kunena. Ndinafuna kumukuwira kuti asanene, koma panalibe njira ina, ndipo iye anadziwa.

"Mukundidziwa ine," anayamba, mawu ali pansipansi mpaka anthu anakhala chete kuti amve. "Mukudziwa kuti sindikhulupirira munthu. Amene anayamba kumuloza chala bamboyu m'bala muja ndine. Mukuyesa mpando uja ndinamupatsa chifukwa chomukonda? Ndinamuitana kuti ndimugwire. Chikwama chake ndapisamo ulendo uliwonse, iye akangotembenuka. Jombo zake ndazinunkhiza. Za m'botolo mwake ndalawa. M'galimoto mwake ndasuzumiramo iye ali kuntchito. Ndamutsatira Lamulungu awiri mpaka ku Nyanja Yaikulu, iye osadziwa. Pagombe langa sanapondepo ine ndisanamufufuze kuyambira chipewa mpaka sokosi. Chaka chonse. Sindinapeze ngakhale kadontho. Ndiye ngati Malachy Ruane wafufuza munthu nthawi yonseyi osapeza kanthu, pali wina muno amene akuti akanapeza?"

Panalibe. Zimenezo ndiye anazikhulupirira nthawi yomweyo, chifukwa ameneyo anali Malachy amene ankamudziwa. Dessie anatsitsa dzanja lija nayamba kukanda m'mutu. Peadar anakhala pansi. Nkhani ya chiphaso inafera pomwepo, ndipo anthu anayamba kukangana za amene akolope matope mu holo.

Ine maso anga anali kumbuyo. Daiva anali atagwira pakamwa. Rimas anangokhala njo, manja ali pamaondo, nkhope yopanda chilichonse. Kenako anaimirira, namanga mabatani a jekete lake, natuluka.

Malachy anamupeza panja, pafupi ndi galimoto. Ine ndinali pambuyo pake, ndipo sindichita manyazi kunena kuti ndinatchera khutu.

"Rimas, aise, tandimvera."

"Chaka chonse, a Kaputeni?"

"Poyamba zinali choncho. Kenako... kenako zinasintha. Koma dzanja linali litazolowera."

"Ulendo womaliza kupisa m'chikwama changa unali liti?"

Malachy akanatha kunama. Sananame.

"Dzulo. Tisanakoke unyolo."

Rimas anagwedeza mutu pang'onopang'ono, ngati munthu amene wauzidwa mtengo wa chinthu n'kuona kuti sakwanitsa.

"Mayi anga kumudzi amandifunsa pafoni ngati anthu a kuno amandisunga bwino," anatero. "Ndinawauza kuti asadandaule, ndinapeza mkulu wanga." Anatsegula chitseko cha galimoto. "Zikomo pondichotsera mlandu. Mwachita chilungamo."

Analowa, Daiva analowa, napita.

Dzina la Malachy silinafe monga ankaopera. Anthu anamuseka nyengo yonse yozizira, alendo ena anasamukira kwa akaputeni ena, koma ambiri anabwerera, poti nsomba amazidziwabe ndi iye. Corrabeg ikudwala pang'onopang'ono, ndipo palibe chimene tingachite. Rimas sanasamuke. Anthu amamupatsa moni tsopano, ena mopitirira muyeso, ndipo Dessie anamugulira kaboti katsopano m'dzina la kalabu.

Nyengo yowedza itatsegulidwanso, Malachy anapita yekha kufakitale kukamuuza kuti mpando wake ulipo. Rimas anathokoza mwaulemu, nati Loweruka amakhala wotanganidwa. Anapitanso kachiwiri, yankho linali lomwelo. Kachitatu ananditumiza ine, ndipo Daiva anandilandira bwino, nandipatsa tiyi ndi keke, koma nkhani ya boti titaiyamba anandifunsa ngati ndikufuna shuga wina.

Mu Meyi ndinapita ndi Malachy ku Corrabeg tsiku lina, alendo atachepa. Tinamuona Rimas kutsidya, ali yekha m'kaboti kake, akuvinitsa kagulugufe pamadzi mwaluso ndithu. Malachy anachepetsa injini kuti mafunde asamusokoneze, nakweza dzanja. Rimas anakwezanso lake, monga mmene amakwezera kwa wina aliyense wodutsa, nabwezera maso pa chingwe chake.

Tinadutsa. Patapita kanthawi mlongo wanga anati, osandiyang'ana, "Mwaona mmene wagwirira ndodo? Ndinamuphunzitsa ndine." Nditamuyang'ana ndinaona kuti akulira.